Zidutswa za jipisamu musazitaye, umu ndi mmene mungazibwezere pa ntchito yomanga

Aliyense amene wakhomapo siling'i ya mabodi a jipisamu kapena kugumula khoma la mabodi amenewa akuudziwa mulu woyera uja umatsala pakona, zidutswa zodukaduka, fumbi, mapepala ong'ambika, nde ambiri amangokokolola zonse pamodzi ndi zibenthu za njerwa ndi konkire nkukataya kudzala basi. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu, chifukwa pa zomangira nyumba zonse jipisamu ali m'gulu la zochepa kwambiri zomwe mutha kuphwanya, kutenthetsa pang'ono, kuthira madzi nkulimbanso ngati poyamba. Simenti ikauma yauma, konkire yogumula imangosanduka miyala, koma jipisamu amabwerera.

Chinsinsi chake chili m'madzi. Jipisamu ndi mwala wofewa moti mutha kuukanda ndi chikhadabo, akatswiri amautchula calcium sulphate dihydrate, ndipo mkati mwake muli madzi omangika osaoneka ndi maso, pafupifupi 21 peresenti ya kulemera kwake konse ndi madzi amenewa. Kufakitale amaupera nkuutenthetsa cha m'ma madigiri 150, magawo atatu mwa anayi a madzi aja amatuluka ngati nthunzi, chotsalacho nde ufa uja wa m'matumba womwe ambiri amangoti POP. Mukauthira madzi umamwanso omwe unataya aja, mkati mumamera timiyala ting'onoting'ono tosongoka tolukanalukana, nchifukwa chake umafunda ukamalimba. Bodi la jipisamu ndi ufa womwewu woumbidwa pakati pa mapepala awiri, cha m'ma 90 peresenti ya kulemera kwa bodi ndi jipisamu yekhayekha. Nde chidutswa chili pansicho ndi jipisamu yemwe uja analowa kufakitale poyamba, palibe chasintha.

Koma musanaganize zowotcha chilichonse mvetsani kaye chifukwa chake jipisamu sayenera kusakanikirana ndi zinyalala zina, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Kudzala kuja akakwiririka pamodzi ndi zinthu zowola, pachinyezi popanda mpweya, mabakiteriya amadya sulphate wa mujipisamu nkutulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati mazira owola, ndipo ukachuluka umapha, choopsa kwambiri nchoti ukafika pochuluka mphuno imasiya kuumva munthu nkumaganiza kuti watha. Lamulo la European Union la 2003 linati jipisamu asatayidwe dzenje limodzi ndi zinyalala zowola, ku England ndi Wales anakhwimitsanso mu April 2009 pochotsa kampata komwe kankalola kusakaniza pang'ono, pomwe dera la Vancouver ku Canada linaletsa kale m'ma 1980, ndipo kampani yobwezeretsa jipisamu wakale pantchito ya New West Gypsum Recycling inayambira komweko mu 1985.

Vuto linalo ndi la konkire, ndipo ili amisiri ambiri salidziwa. Masiku ano anthu amaphwanya konkire ndi njerwa zogumula nkugwiritsa ntchito ngati miyala ya konkire yatsopano kapena kudzazira pansi pa silabu, zomwe ndi zabwino, koma jipisamu akalowamo nkupeza chinyezi sulphate wake amalimbana ndi simenti, pamapangika timiyala totchedwa ettringite tomwe timafufuma, konkire nkuyamba kung'aluka patapita miyezi kapena zaka mwini wake osadziwa chavuta nchani. Zoona opanga simenti amathiramo jipisamu 3 mpaka 5 peresenti kuti isalimbe msanga, koma iwo amachita kuyeza, osati kungoponya zidutswa. Nde mukasakaniza mwaononga ziwiri nthawi imodzi, jipisamu wadetsedwa, miyala nayo yaipa.

Mafakitale nawo ayamba kuzifuna zidutswazi. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la jipisamu wa mabodi, makamaka ku Germany, limachokera kumalo opangira magetsi a malasha komwe amatsuka utsi ndi laimu kuchotsa sulphur nkupeza jipisamu, pano malo amenewo akutsekedwa, Germany inaika 2038 ngati malire osiyira malasha. Pulojekiti ya GtoG yomwe bungwe la opanga zinthu za jipisamu ku Ulaya la Eurogypsum linatsogolera kuyambira 2013 mpaka 2015 inaonetsa kuti bodi latsopano litha kulandira jipisamu wakale kufika cha m'ma 30 peresenti, bola akhale woyera, ndipo kuyerako kumayambira tsiku logumula osati kufakitale.

Tsono tiyambe ntchito. Ngati nyumba ndi yakale funso loyamba ndi la asibesitosi, mwala wa ulusi woopsa m'mapapo womwe kale unkalowa m'zomangira, ndipo apa sindikufuna munthu achite zongoyerekeza. Bodi lenilenilo nthawi zambiri limakhala bwinobwino, koma phala lomatira m'malumikiziro ndi zopaka zamaluwamaluwa za kusiling'i kale ankathiramo asibesitosi. Ku America analetsa m'phala lomatira mu 1977, ku Britain analetseratu asibesitosi yense mu 1999, ku South Africa mu 2008, ndipo kuli maiko omwe mpaka pano akumugwiritsabe ntchito. Ndi maso simungamuzindikire, njira ndi kutumiza kachidutswa ku labu, apo ayi zinthu za m'nyumba yokayikitsa musazipere, musazisefe, musaziwotche, chifukwa kupera nde kuulutsira ulusi wake m'mapapo mwanu ndi mwa anzanu, matenda ake amadzaoneka patatha zaka makumi. Penti wakale naye atha kukhala ndi mtovu. Mabodi omwe anachita chuku chakuda, omwe ananyowa ndi madzi a kuchimbudzi, opsa ndi moto kapena odontheredwa mafuta, amenewo ikani padera atayidwe motsata malamulo a komwe muli.

Pogumula, jipisamu achoke koyambirira nyundo yaikulu isanakhudze khoma lililonse la njerwa. Zimitsani magetsi, chotsani masoketi, matabwa a m'munsi mwa khoma ndi ma cornice, kenako tengani maginito muziyendetsa pabodi, pomwe akukakamira nde pali screw pansi pa phala. Kandani pang'ono nkumasula ndi dirilo, dulani tepi ya m'malumikiziro ndi mpeni, bodi limachoka lathunthu kapena m'zigawo zikuluzikulu. Ngati anakhoma ndi misomali lowetsani chitsulo chozulira misomali kuseri pafupi ndi thabwa nkumakoka pang'onopang'ono. Zimadya nthawi kuposa kungomenya, shuwa, koma fumbi limachepa, matabwa ndi zitsulo za kuseri zimatsala zabwino zogwiritsanso ntchito, ndipo simudzakhala pansi kutola timiyala toyera mumulu wa njerwa, ntchito yomwe palibe amaimaliza.

Pamalopo pakhale milu itatu. Wa zidutswa zikuluzikulu zosathyoka, wa zing'onozing'ono za bodi wamba, ndi wa mabodi apadera. Apaderawa ndi aja obiriwira osamva chinyezi omwe ali ndi silicone kapena phula mkati, ofiirira osamva moto omwe ali ndi ulusi wa galasi, okhala ndi foil kapena zotchingira kutentha kuseri, ndi omwe amatidwa matailosi, ngakhale mitunduyi imasiyana kampani ndi kampani nde werengani zolembedwa kuseri kwa bodi. Samalaninso ndi mabodi a simenti omwe akapentedwa amafanana ndi a jipisamu, kandani pothyoka ndi chikhadabo, jipisamu amakandika nkusiya ufa pachala, wa simenti sakandika. Pulasitala wa pakhoma naye muyeseni, donthezani viniga pang'ono, wa laimu amachita thovu kwambiri, wa jipisamu amangokhala chete kapena kuchita timathovu tochepa ngati anathiramo ufa wa mwala wa laimu. Pulasitala wa jipisamu womata panjerwa ndi wovuta kumupeza woyera, komabe mupaleni khoma lisanagwe kuti olo njerwazo zipulumuke.

Zonsezi zikhale pouma, pamwamba pa mapaleti kapena matabwa, zofunditsidwa. Jipisamu amasungunuka pang'ono m'madzi, cha m'ma magalamu 2 pa lita, pepala limachita chuku msanga, ndipo wonyowa amadya moto wambiri pomuumitsa. M'kontena ya jipisamu musalowe botolo, chitini kapena zosesa za pansi, uzani aliyense pasaiti tsiku loyamba lomwe.

Njira yabwino kuposa zonse ndi yosafuna moto, kugwiritsa ntchito chidutswa mmene chililimo. Pomanga nyumba yatsopano pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mabodi limathera m'zidutswa, zoyera bwino zopanda penti, nde musanadule bodi latsopano yang'anani kaye pamulu. M'mbali mwa mawindo, pamwamba pa zitseko, mabokosi obisa mapaipi, kachitseko kolowera kudenga, zigamba pomwe a magetsi aboola, monsemu mumalowa zidutswa. Chidutswa chigwire matabwa awiri a kuseri, m'mphepete modulidwa musengeko pang'ono mopendeka ndi mpeni kuti phala lilowe, nkuika tepi, apo ayi mzere udzaonekera. Ena amaponya zotsala mkati mwa khoma pakati pa mabodi awiri ati zichepetse phokoso, ine sindilimbikitsa, mawa wina akufuna kudutsitsa waya akavutika, ndipo ngati mwadutsa paipi ikadontha zonsezo zimasanduka chinkhupule cha chuku. Khoma lomwe pulani ikunena kuti ndi lotchinga moto, limenelo musaikepo zigamba za mabodi osadziwika.

Ngati zidutswa ndi zambiri funsani omwe anakugulitsani mabodi ngati amalandiranso, makampani ena amapereka matumba akuluakulu nkudzatenga. Kumeneko amaphwanya, kuchotsa zitsulo ndi maginito, kulekanitsa pepala nkusefa mpaka pepala lotsala lichepere 1 peresenti, ku Britain kuli muyezo wake wotchedwa PAS 109. Komwe mwayi umenewu ulipo tengani, fakitale imachita bwino kuposa ife ndi manja.

Komwe kulibe, kapena inu muli ndi kawekishopu koumba ma cornice ndi matailosi a siling'i, mutha kupanga nokha POP wachiwiri. Valani masiki yeniyeni yosefa fumbi, yolembedwa FFP2 kapena FFP3, ndi magalasi, kansalu kokha sikakwanira. Thyolani zidutswa za bodi wamba, ikani m'thumba lolimba nkumenya ndi nyundo, kapena ziyaleni pasilabu yoyera nkuziponda ndi chogudubuza cholemera, muona kuti jipisamu akusanduka ufa pomwe pepala likutsala m'zikhutukhutu, nde kusiyana kumeneku nkomwe kumatithandiza. Sefani ndi sefa ya mabowo a mamilimita 5 kuchotsa mapepala, yendetsanimo maginito, peraninso nkusefa ndi sefa ya milimita imodzi kapena yochepera. Chigayo cha mahamala chimafulumira koma chimanyenyanso pepala kukhala ubweya wodutsa pasefa, nde yambani mwasenda pepala lambiri musanagaye. Ubweya wochepa sulakwa, umathandizako kuti chinthu chisathyoke msanga, koma ukachuluka umamwa madzi ndipo umapserera pamoto. Ufawo uyanikeni uume kaye.

Kuwotcha nkomwe kumafuna maso. Muyeze ufa wouma pasikelo musanayambe, tinene makilogalamu 10, nkuuthira m'chiwaya chachitsulo chokhuthala kapena theka la dilamu loyera lomwe simunakhalemo mankhwala, moto ukhale wofatsa ndipo muzitakasa osaleka chifukwa wapansi umapsa wapamwamba usanayambe nkomwe. Pezani thermometer yofika madigiri 250 muziibaya pakati pa ufa. Ukadutsa madigiri 120 muona chinthu chodabwitsa, ufa wouma uja umayamba kuwira, timabowo timaphulika pamwamba, mthiko umapepuka m'manja ufa nkumayenda ngati wasungunuka, imeneyo ndi nthunzi ikutuluka. Kutentha kumaima pamenepo kwa nthawi ndithu olo moto ukuyaka, musaonjezere nkhuni kapena gasi mopupuluma. Kenako kuwira kumachepa, ufa umatsika nkulemeranso pamthiko, thermometer nkuyamba kukwera, ikafika pakati pa 150 ndi 165 phulani. Mutha kuikanso kagalasi kozizira pamwamba, kakachita nkhungu nde madzi akutulukabe. Ogwiritsa ntchito uvuni wa kuwekishopu ayale ufa wosapitirira masentimita 3 pa madigiri 150 kwa maola awiri kapena atatu nkumatembenuza.

Sikelo nde imakuuzani zoona. Jipisamu woyera akasanduka POP amataya pafupifupi 15.7 peresenti ya kulemera kwake, nde makilogalamu 10 aja abwere cha m'ma 8.5. Akabwera 9.3 sanapse, mkati mudakali jipisamu wamuwisi ndipo phala lake lidzalimba musanamalize kutakasa. Akatsika kufika cha m'ma 8 mwapyoza, madzi onse achoka. Kupyoza pang'ono kumakonzeka poti ufa umakokanso chinyezi cha mumpweya nkubwerera, koma ukapsa kudutsa madigiri 400 umafa, mukathira madzi umangokhala matope osafuna kulimba. Ukazizira sefaninso, ikani m'matumba nkuusiya sabata imodzi kapena ziwiri musanagwiritse ntchito, ufa wongophula kumene umakhala waukali, umamwa madzi ambiri ndipo nthawi yolimbira imasinthasintha. Kenako tsekani bwino m'pulasitiki. Ndinenenso kuti kuyatsa moto chifukwa cha kandowa kamodzi ka ufa ndi kuononga, sonkhanitsani kaye zambiri muwotche kamodzi.

POP wachiwiriyu ali ndi khalidwe lake, mumudziwiretu. Amafuna madzi ambiri kuposa watsopano ndipo amalimba msanga. Kuti ufa wolemera magalamu 100 ulimbe umangofunika madzi olemera magalamu 18.6, koma kuti phala lithirike timathira 60 mpaka 80, madzi opitirirawo akauma amasiya timabowo, nde madzi akachuluka chinthu chimapepuka nkufooka. Chifukwa chake musathamangire kuonjezera madzi, bola kusakaniza ndi watsopano, yambani ndi gawo limodzi la wakale pa magawo anayi a watsopano nkumakwera mukaona kuti zikuyenda. Kulimba msanga kumachedwetsedwa ndi citric acid, asidi wa m'mandimu wokhala ngati ufa, cha m'ma galamu imodzi pa kilogalamu ya ufa, mumusungunule m'madzi kaye, koma mukachulutsa mphamvu imatsika kwambiri, nde yezani pasikelo yaing'ono osati ndi maso. Madzi ayambe kulowa mundowa, ufa muziwaza pamwamba mpaka tizilumba touma tioneke, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri unyowe wokha kenako takasani. Ndowa ikhale yotsuka, nyenyeswa za phala louma la poyamba zimafulumizitsa kulimba moti kufakitale amachita kuthira dala ufa wamuwisi akafuna liwiro. Phala likayamba kugwira musalithirenso madzi, latha limenelo.

Tsono pali mbali ina yomwe imandisangalatsa, kulowetsa zinyalala zina za pasaiti muphala la jipisamu kuti ufa upite patali. Njerwa zowotcha ndi matailosi osweka mukapera nkusefa pa mamilimita 1 kapena 2 zimalowa bwino, chinthu chimatuluka chofiirira, cholemererako, pamwamba pake polimba, koma njerwa imamwa madzi nde inyowetseni pang'ono kaye kuti isalande madzi a phala. Popera njerwa, matailosi ndi konkire fumbi lake lili ndi silica yemwe amaononga mapapo osachiritsika, perani zonyowa ndipo masiki isachoke. Utuchi ndi zopala za matabwa zimapepukitsa ndi kuthandiza kutchinga kutentha, koma mphamvu imatsika ndipo matabwa ena amachedwetsa kulimba, zivikeni kaye nkukhetsa, ndipo za matabwa openta kapena omwetsedwa mankhwala a chiswe zisalowemo. Zoyera zopepuka zija za polystyrene mukazinyenya zimapanga mabuloko opepuka kwambiri koma ofooka, ndipo zimayandama, nde phala likhale lokhuthalako nkuthira m'chikombole litatsala pang'ono kugwira. Ulusi nde wothandiza kwenikweni pa zinthu zopyapyala, wa galasi kapena khonje, oumba ma cornice akhala akugwiritsa ntchito khonje kuyambira kale, chinthu olo ching'aluke sichigwa.

Fumbi la konkire yophwanya lokha ndimalikayikira. Lili ndi simenti yakale mkati, nde nkhondo ija ya sulphate ndi simenti mwaibweretsa m'chikombole mwanu, pouma zitha kukhala bwino koma chinyezi chikangofika zimafufuma. Ine ndingalisiye lipite kukonkire inzake. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi, chosakaniza chimodzi pa nthawi, kuyambira chochepa, ngati ndi njerwa gawo limodzi pa khumi poyeza pasikelo, ndipo zopepuka ngati utuchi ndi polystyrene muziyambira pochepa kwambiri kuposa apo chifukwa kilogalamu yake ndi thumba lonse.

Musakhome chilichonse pamwamba pa mitu ya anthu musanayese. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 13279 umagwiritsa ntchito timipiringidzo ta mamilimita 40 ndi 40 ndi 160, ndipo pulasitala wa jipisamu amayenera kupirira 1 N/mm² popindidwa ndi 2 N/mm² popanikizidwa, N/mm² imeneyi ndi muyezo wa mphamvu yomwe chinthu chimapirira chisanathyoke. Chikombole cha muyezo umenewu mutha kukhoma ndi timatabwa. Umbani titatu pa kasakanizidwe kalikonse, ndi titatu ta POP watsopano yekha toyerekezera, lembani pa kalikonse ndi pensulo zomwe mwathiramo ndi madzi ake. Tisiyeni masiku 7 kenako tiume mpaka sikelo isiye kusintha, koma osaumitsa pamoto, jipisamu akakhalitsa pamalo otentha kudutsa madigiri 45 mpaka 50 amayamba kutaya madzi ake amkati aja nkufumbutuka. Poyesa gonekani kampiringidzo pa zitsulo ziwiri zotalikirana mamilimita 100, pakati kolekani ndowa yaikulu ndi chingwe chodutsa pa kachitsulo kozungulira, muzithira mchenga pang'onopang'ono mpaka kathyoke, nkuyeza ndowayo, mapazi akhale kutali. Kuti kafike pa 1 N/mm² kayenera kunyamula cha m'ma makilogalamu 43. Yang'ananinso pothyokapo, ngati pali mabowo akuluakulu kapena zosakaniza zaunjikana mbali imodzi nde vuto ndi katakasidwe. Nthawi yolimbira yesani ndi mpeni, thirani phala pagalasi muzilidula mphindi iliyonse, mzere ukasiya kutsekeka nde layamba kugwira, ndipo phala lopaka ndi manja limafunika lipitirire mphindi 20 lisanafike pamenepo.

Zikadutsa mayeso, malo ake ndi mkati mwa nyumba mouma. Mabuloko ogawira zipinda osanyamula denga, matailosi a siling'i, ma cornice, zokongoletsa, kutseka mabowo, pulasitala woyamba yemwe pamwamba pake mudzapakapo watsopano wosalala. Panja ayi, pamaziko ayi, kubafa komwe madzi amagunda ayi, ndipo mzere woyamba wa mabuloko usagunde pansi pomwe amakolopa, ukhale pa kamzere ka njerwa kapena pulasitiki. Chitsulo wamba mujipisamu wonyowa chimachita dzimbiri msanga nkutulutsa madontho achikasu papenti, nde ma screw, waya ndi misomali zikhale za galvanised, zija zokutidwa kuti zisachite dzimbiri. Penti adikire mpaka ziume mkati momwe, pamwamba pamanamiza. Ndipo olo jipisamu amachedwetsa moto chifukwa cha madzi ake aja, zoumba nokha makamaka za utuchi ndi polystyrene musamuuze kasitomala kuti ndi zotchinga moto, zimenezo zimafuna mayeso a ku labu. Muuzeninso poyera kuti muli jipisamu wakale, ali ndi ufulu wodziwa.

Ufa wamuwisi womwe simunawotche ulinso ndi kopita. Mafakitale ena a simenti amalandira woyera. Kumunda umapereka calcium ndi sulphur ndipo umamasula dothi lomwe lagwirana chifukwa cha sodium wambiri, koma suchotsa asidi m'dothi ngati mmene laimu amachitira, nde yezetsani dothi kaye, ndipo kupite zidutswa zatsopano za bodi wamba zokha, zopanda penti, osati obiriwira kapena ofiirira aja. M'khola la ziweto musayale, ukasakanikirana ndi ndowe zamadzi m'dzenje umachulukitsa hydrogen sulphide uja, wotakasa dzenjelo atha kukomoka pomwepo.

Madzi otsukira ndowa ndi zipangizo asapite m'sinki kapena m'ngalande, phala limakhazikika m'paipi nkutseka ndipo mankhwala otsegulira mapaipi salisungunula. Khalani ndi dilamu limodzi lotsukiramo, madzi akadikha usiku tsanulani apamwamba mutsukirenso mawa lake koma osakandira phala latsopano poti amalifulumizitsa, matope a pansiwo kokololani muyanike pa pulasitiki, akauma aphwanyeni alowe m'thumba la zokawotcha ulendo wotsatira pamodzi ndi timipiringidzo toyesera tija topanda zosakaniza.